Nshawa Zimene Yotamu Anadya

Zemba, Chadiza
Lachinayi masana

Nelia mwana wanga,

Yotamu. Ndayamba ndi dzina lake kuti lichoke pakhosi, chifukwa dzulo linanditsamwa, ndipo mawu amene anatuluka m'malo mwake anali oipa. Yotamu wa ku Zingalume, amene tinkakhala benchi limodzi kusekondale, amene ankakopera masamu anga pamodzi ndi zolakwa zomwe, amene lero ndi mkulu wa atolankhani ku Lusaka. Munthu ameneyu ndiye anandichotsetsa ntchito. Tsono dzulo ndinamva kwa malume ako, osati kwa iwe, kuti malo ophunzirira utolankhani kuofesi ya nyuzipepala yawo amene takhala tikuvinira sabata yonseyi anakupezera ndi iyeyo.

Ndinakukalipira, sindikukana. Iwe unakhuthulira zovala zonse pamphasa n'kunena kuti, "Basi amama, sindipita. Kuofesiko amalola ophunzira kutumiza nkhani ali kwawo. Ndizigwirira konkuno pa foni. Nkhope ya a Yotamu sindidzaiona, inunso simukhala nokha." Ine ndinati uchite zimene wakhumba. Lero wathawira kudimba kuyambira m'mawa, ukuthirira repu amene unathirira kale dzulo. Pakamwa panga umapadziwa, ndikati ndinene zabwino zimatuluka zili ndi minga. N'chifukwa chake ndatenga cholembera. Werenga mpaka pansi, Nelia. Uona patsogolopa chifukwa chake ndikuti mpaka pansi.

Iwe umadziwa chithunzi chokha, chija anzako ankakuseka nacho kusukulu. Zimene zinali kumbuyo kwake sindinakuuzepo bwino, chifukwa ndikangoyamba ndimathera kutukwana.

Nthawi ya matenda a korona, bungwe la alimi limene ndinkagwirako ku Chipata linatseka ofesi, n'kutipatsa aliyense laputopu kuti tikagwirire kwathu. Ntchito yanga inali kuimbira alimi a thonje ndi soya, kuwafunsa za mbewu ndi mbozi, n'kulemba mayankho awo. Usamvere anthu amene amati kugwirira ntchito kunyumba ndi ulesi. Masiku amenewo ndi amene mtima wanga unakhala m'malo. Malemu agogo ako anali atangofa ziwalo mbali imodzi, ndipo ndinkawatembenuza ndekha, osati kumvera pa foni kuti atuluka zilonda. Netiweki inkagwira pachulu cha kuseri kwa khola basi. Ndinasalaza pamwamba pake ndi khasu n'kuikapo mpando. Mbuzi zinkaima pansi n'kumandiyang'ana ngati ndikulalikira. Ndinkaikonda ofesi imeneyo kuposa ya ku Chipata ija yokhala ndi fani.

Kulakwa kwanga koyamba kunali manyazi. Inde, ine ndemwe. Ndinkaopa kunena kuti ndili pa ntchito, kuopa kuti anthu ati a Nambewe atukumuka ndi kachingerezi kawo. Mayi akadutsa n'kunena kuti, "Muli pompano eti? Tandionerani mwanayu ndikafike kukiliniki," ndinkamulandira. Wina akati tiperekezeni kuchigayo, ndinkatseka laputopu. Kukagwa maliro, amuna amakhala pansi pa mtengo, wina atha kudzuka n'kukaona zake, koma mkazi amayamba kutunga madzi tsiku loyamba mpaka mbale yomaliza yatsukidwa, ndipo ukajomba anthu amasunga m'mtima kudikira tsiku lako. Ntchito ya bungwe ndinkaimaliza m'mamawa anthu asanadzuke, mwakabisira ngati ndikuba. Sindinaperewerepo, koma palibe amene ankaona. Kuno mwamuna akakhala pansi ndi kabuku, ana amauzidwa kuti chete, atate anu ali pa ntchito. Mkazi akakhala pansi ndiye kuti manja ake asowa chochita.

Ndiye iwe ukuti uzigwirira konkuno. Mwanawe, ukakhala pano udzakhala mtsikana wa mudzi wonse. Ndipo woyamba kukutuma ndidzakhala ine. Ndikudzidziwa. Ndidzati tangoika madzi pamoto, n'zachidule, ndipo iwe udzaika, chifukwa ndinakulera bwino. Pita.

Kulakwa kwachiwiri ndi kumene kunandidyera ntchito, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndingakutche kulakwa. Matenda atayamba kuchepa, kunabuka mkangano m'maofesi: anthu abwerere kapena apitirize kugwirira kwawo? Yotamu anatumidwa kudzalemba za ife a kumudzi. Anafika pa njinga yobwereka kuchokera ku Boma, fumbi mpaka m'nsidze. Anandipeza pachulu ndili pakati pa foni ndi mlimi wina.

Nditamaliza anati, "Nambewe, pakamwa paja ukadali napo?"

Ndinati, "Pakamwa palipo. Masamu okha ndiwo ndinasiya kubwereketsa."

Tinaseka. Anandijambula pachulupo kangapo, laputopu pamiyendo, anandifunsa mafunso, ndinayankha. Ndinakondwa, Nelia. Ndinaganiza kuti tsopano anthu aona. Kenako ndinayang'ana milomo yake youma ija. Munthu wapalasa ulendo wonse uja, mnzako wa kusukulu, angachoke pakhomo pako m'kamwa muli gwa? Agogo ako akanandimenya ndi dzanja lawo lotsala lija. Ndinatsika, ndinaika laputopu pamtondo wovundikira, ndinakoleza moto, ndinaika phale, n'kuyamba kumukazingira nshawa. Kumsana ndinali nditabereka mwana wa a Tembo oyandikana nawo, amene anangomusiya n'kupita kukatema nkhuni. Ndinamva kamera ikulira.

Ndinati, "Ukujambulanso chiyani?"

Anati, "Zokumbukira chabe."

Anadya nshawa zija mpaka phale linayera. Ndinamumangiranso zina m'kansalu kuti akapatse amayi ake.

Nkhaniyo itatuluka, inali m'mafoni a anthu onse lisanafike Lamulungu. Chithunzi cha pachulu panalibe. Panali ine nditagwada pamafuwa, mwana wa eni ake kumsana, utsi m'maso, laputopu ili poteropo pamtondo ngati chiwiya chosowa mwini. Mutu wake unali m'Chingerezi, zilembo zikuluzikulu, koma tanthauzo lake linali lakuti: azimayi ogwirira ntchito kunyumba amathera tsiku kukhitchini. Dzina langa pamutupo panalibe. Ndinali azimayi, onse a m'dziko muno, ine ndekha ndi phale langa.

Pambali pake panali nkhani ya Petulo wa ku Mlolo, amene tinkagwira naye ntchito imodzimodziyo m'bungwemo. Iye anamujambula atakhala patebulo pansi pa mtengo wa mango, shati yosita, pabwalo posesedwa bwino. Mutu wake unati Petulo, mlangizi wachinyamata, wabweretsa ofesi kumudzi. Dzina lake, ntchito yake, ndi chinthu chachikulu chimene wachita. Patapita nthawi ndinakumana ndi mkazi wake Malia pamsika, uja makolo ake anabwera kuthawa nkhondo ya ku Mozambique. Anandigwira dzanja n'kuseka mpaka misozi. Anati, "Asisi, tebulo limene lija ndinasenza ndine. Shati ndinasita ndine, pabwalo ndinasesa ndine, ana ndi nkhuku ndinathamangitsira kuseri ndine. Koma pachithunzipo palibe ngakhale chala changa cha kuphazi." Kenako anati, "Inu munangosowa mkazi basi. Mukanakhala ndi mkazi, bwenzi nanunso muli ngwazi."

Mawu a Malia amenewa uwatenge popita, ndi maphunziro ako oyamba a utolankhani. Ukaona munthu waudongo pachithunzi, funsa amene anasenza tebulo. Ukaona mkazi akuphika, funsa amene adye.

Sabata yotsatira amadamu amene ankatiyang'anira anandiimbira. Sanali munthu woipa. Anati, "Nambewe, ntchito yako ilibe banga, ine ndikudziwa. Koma akuluakulu aona chithunzi." Bungwe linalamula kuti aliyense abwerere kuofesi, kupatula amene aonetsa kuti kunyumba angakwanitse. Petulo anatsala pansi pa mango wake. Ine ndinauzidwa kuti ndikapezeke ku Chipata Lolemba. Agogo ako ndikanawasiyira ndani? Ndinabweza laputopu. Ndipo sindinali ndekha. Panali anzanga ena oyamwitsa amene ankagwira bwino ntchito ali kwawo, nawonso anasiya m'modzim'modzi. Sanandinenepo kanthu, koma ndikakumana nawo ndimaona phale lija m'maso mwawo.

Petulo usamuide. Anabwera yekha pano n'kukhala pachitsa cha pabwalo, chipewa m'manja. Anati, "Ine sindinapemphe kutchedwa ngwazi, a Nambewe. Masana ambiri ndimakhala ku ng'ombe, inunso mukudziwa." Ndinamuuza kuti akanene zimenezo kuofesi. Sanakanene. Anali ndi ana ofuna kudya, ndipo ndinamumvetsa, ngakhale tsiku limenelo tiyi sindinamupatse.

Kulakwa kwachitatu ndi kwa pakamwa. Nditamva kuti Yotamu wabwera kudzaona kwawo pa Khirisimasi, ndinapalasa njinga mpaka ku Zingalume. Ndinamupeza akudya ndi abale ake, ndipo ndinayambira pa chipata. Ndinamutchula mbava ya masamu, fisi, mlendo wodya n'kunyera m'mbale. Amayi ake, mayi wachikulire amene ankatiphikira mbatata tikamachokera kusukulu, anaphimba nkhope ndi chitenje. Mayi amenewo sanandilakwire, ndipo nkhope yawo imandibwererabe.

Yotamu anadikira mpaka mpweya unandithera. Kenako anati, "Nambewe, nkhani ndinalemba ine, koma mutu ndi chithunzi amasankha ena kuofesi, anthu amene Chadiza sanamuonepo. Ine ndinatumiza ndili kuno. Kodi wawerenga mpaka pansi?"

Ndinali ndisanawerenge. Ndinafika kunyumba n'kukwera pachulu, ndinawerenga. M'katimo analemba za agogo ako, za alimi amene ankakonda kuyankhula nane, za ntchito yanga ya m'mamawa. Analemba ngakhale zoti nshawa zija ndinakazingira iye. Zonse zinalimo, pansi penipeni, kumene maso a munthu safika. Tsono ngati mwini nkhani sindinafikeko, akuluakulu a bungwe akanafikako bwanji? Anthu amadya mutu, Nelia, thupi amasiyira agalu.

Mwina ukuti, nanga bwanji simunamukhululukire? Ndikuuze. Chithunzi cha zokumbukira chija anatumiza ndi dzanja lake. Nkhani itatuluka ndi mutu wabodza, anaiona tsiku lomwelo. Sanapite kwa mkonzi kukanena kuti mwalakwitsa, sanandiimbire foni. Anangoona kuti nkhani yake ikuyenda m'mafoni, anthu akuitumizirana, dzina lake likukwera, n'kukhala chete. Sindimusungira chakukhosi pa zimene analemba. Ndimamusungira pa kukhala chete kwake. Koma nanenso ndinaphonya. Ndikanakhala pansi n'kulembera mkonziyo mofatsa, mwina akanakonza. M'malo mwake ndinakapatsa anthu a ku Zingalume nkhani yatsopano, ya mkazi wolusa wa ku Zemba, ndipo munthu akangotchedwa wolusa zimene akunena sizimvekanso. Iwe unatengera lilime langa, usakane. Ukapsa mtima, yamba wamwa madzi, kenako ulembe. Usachite za amako.

Tsono taona chifukwa china chimene ndikukanira zoti uzitumiza nkhani uli kuno. Mutu amasankhira m'chipinda, ndipo amene ali kutali amangoona mwana wake atavekedwa zovala za eni. Iwe ukadali wophunzira, dzina lako palibe amene akulidziwa. Ukatumiza nkhani uli pachulu, adzaidula, adzaiveka mutu umene akufuna, iwe udzaiona pamodzi ndi anthu onse. Ndikufuna ukakhale m'chipindamo. Ukaime kumbuyo kwa munthu wolemba mitu, ukaone dzanja lake, ukaphunzire kunena kuti, "Pepani abwana, mayi ameneyu ali ndi dzina." Poyamba adzakuyang'ana ngati ntchentche yagwera m'tiyi. Nena ndithu, mwaulemu, mawa unenenso.

Ukadzapatsidwa mutu kuti ulembe wekha, uchite ichi. Pamene pali mkazi ikapo mwamuna, uwerenge mokweza. Bambo wa ana atatu wasankhidwa kukhala khansala. Mwamuna wa uje wapambana mpikisano wa alimi. Azibambo ogwirira ntchito kunyumba amathera tsiku pa nsolo. Ukamva kuti zikuseketsa, kapena kuti amuna onse a m'dziko angadzuke n'kukwiya, dziwa kuti mutuwo unali wokhota kale, kungoti khutu linazolowera. Mwamuna akalakwa, nkhani imati uje walakwa. Mkazi akalakwa, imati azimayi. Munthu m'modzi asasenze mtundu wonse. Ndipo ukadzajambula munthu atakulandira pakhomo pake, chimene wanena kuti n'chokumbukira chikhale chokumbukira.

Usandimve molakwa, ngati ndikuti ofesi ndi kumwamba. Kumenekonso akakutuma tiyi pamene anyamata anzako akuwatuma nkhani. Ukapange tiyi tsiku loyamba, ndi ulemu. Tsiku lachiwiri ukafunse kuti lero ndi tsiku la ndani. Ndipo mkangano uja wa kunyumba kapena kuofesi sunathe, ukaupeza. Ukadzaulemba, usalembe ngati ndi nkhani ya akhama ndi alesi. Kafunse amene ali ndi wodwala m'nyumba, amene ali ndi chitseko chotseka, amene ali ndi Malia wake. Ine ntchito ya kunyumba inandipatsa miyezi yomaliza ndi mayi anga, ndipo sindingaigulitse. Ukadzakhala ndi dzina, mawu ako akamadzamveka ngakhale pa foni, udzabwere udzagwirire kuno ukafuna. Ndidzakumangira kachipinda kokhala ndi loko, ndipo ndidzaima pakhomo ndekha kubweza anthu. Umandidziwa, palibe adzadutse. Chulu sichithawa, mwana wanga. Koma pakali pano pita.

Za kukhala ndekha usazitenge ngati chifukwa. Ndinakubereka ndili giredi 11, anthu ananena kuti Nambewe watha. Ndinabwerera m'kalasi mabere akutuluka mkaka pa yunifolomu, ndinamaliza. Munthu amene anapirira zimenezo sangafe ndi nyumba ya zii. Ndidzakusowa, inde. Ndidzaphika zambiri mwangozi, ndidzakuitana kuti undipatsire mchere n'kuyankhidwa ndi mphaka. Zimenezo ndi zanga, ndidzazisenza. Malume ako ali pafupi, munda ulipo, mbuzi zikadali ndi chidwi ndi maulaliki anga.

Zoti unandibisira zinandipweteka kuposa dzina la Yotamu. Koma ndaganiza lero ndikusenda nshawa, ndaona kuti ndikanakhala iwe, ndili ndi mayi wa pakamwa ngati panga, nanenso ndikanabisa. Ndiye zimenezo zathera pamenepo. Kungoti usadzandibisirenso, ngakhale ukudziwa kuti ndikalipa. Ndimakalipa n'kutha, iwe umangofunika kudikira ngati mvula ya matalala.

Tsono za iyeyo. Chifukwa chake wakuthandiza sindikuchidziwa. Kaya ndi kupepesa kwa anthu osadziwa kupepesa, kaya anaona zolemba zako n'kuzikonda, n'zake. Malowo ndi ako chifukwa unakhoza mayeso ndipo umalemba bwino. Iye wangokankha chitseko, miyendo yolowera ndi yako. Usakamugwadire ngati wakugula, usakamuyang'anenso ndi diso langa. Ndi wamkulu kwa iwe, ukamupatse ulemu wake, a Yotamu, monga umanenera kale. Ntchito amaidziwa, zimenezo sindingamulande, ndiye ukaphunzire zonse zimene ali nazo, ukakopere mpaka atsale wopanda kanthu, ubweze masamu anga. Chakukhosi changa si chuma choti ndikusiyire. Ndi changa, ndinachilima ndekha, ndidzachidya ndekha. Ndikanalola kuti chikutsekere njira, ndiye kuti chithunzi chimodzi chachotsa ntchito akazi awiri a nyumba imodzi. Ayi, chinadya kale m'modzi, chakhuta.

Chikwama chako ndalongedzanso. Diresi ya buluu ija ndaisoka pamene inang'ambika, juzi ili pamwamba chifukwa ku Lusaka mwezi uno kumazizira. Malume ako abwera ndi njinga kukacha kudzakuperekeza kumsewu, ndipo minibasi ikakusiya usayembekeze kuti ndidzakumvera chisoni. Ukabwera kudimbako upeza kalatayi pamwamba pa chikwama. Usabwere kudzandililira kukhitchini, ungandilizenso. Ungobwera udzadye.

M'thumba la m'mbali muli timitolo tiwiri ta nshawa. Ka nsalu yofiira ndi kako, ndakukazingira ndi mchere monga umakondera, udye m'njira. Ka nsalu yoyera ndi ka Yotamu, pakuti munthu wathandiza mwana wako sumutumizira manja okhaokha, ndipo sindikufuna a ku Zingalume adzati kwa a Nambewe kulibe mwambo. Ukamupatse ndi manja awiri. Ndi zaziwisi. Akafunsa, ukanene kuti amama ati mukazinge nokha.

Dzina lake ndalitchula lero kokwanira moyo wonse. Sindinamukhululukire, usakanamize munthu kuti ndatero. Koma nkhani ya phale lija yathera papepala lino. Sudzaimvanso pakamwa panga, kaya pa foni, kaya pa ukwati wako, kaya nditakalamba n'kuyamba kubwereza nkhani. Ndatseka.

Yenda bwino, Nelia. Ukafika uimbe, ndidzakhala pachulu.

Ndine amako,
Nambewe